Madontho Ofiira a Tsiku la Maliro

Pa kalasi ya kompyuta ija laputopu imodzi tinkagawana anthu awiri, ndipo ine ndi Kondanani sitinadandaulepo. Anzathu ankalandana ngati ana pa chipwete, ife phee, mapewa atagundana, iye akulemba ndi chala chimodzi chakuda ndi mwaye, ine ndikumukonzera zolakwa. Mkomboni muja maso ndi ambiri kuposa makomo. Malo okha omwe ndikanakhala pafupi naye osanenedwa anali amenewo, Loweruka masana, mu shedi yakale yosankhiramo fodya pa famu yathu kuno ku Centenary.

Amene ankatiphunzitsa anali Reason Masozi, wotumidwa ndi kampani yogula fodya. Ndi mwana wa mkomboni ngati ife tomwe, wa ku Shamva, koma Harare inamutsuka mpaka Chichewa chake chinkatuluka chotsimphina. Ankandifuna, ndipo sankabisa. Ine ndinamuuza kale kuti malo anatha.

Kuti Kondanani afike pomwe anafikapo, inali nkhondo. Bambo anga, a Kalino, ndi mkulu wa mpingo. Bambo ake, a Ambrosio, ndi amene amaimba ng'oma gule wamkulu akatuluka. Tsiku loyamba bambo atamva dzina lake anangoti, "Mwana wa kudambwe salowa m'nyumba mwanga," kunena kumalo kobisika kuja amakumana a gule. Kondanani anakusiya kudambweko chifukwa cha ine. Analowa kalasi ya ubatizo, nakhala pa benchi limodzi ndi tiana tosapukuta mamina, anzake akumuseka. Bambo anafewa pang'onopang'ono ngati chikopa chonyikidwa, mpaka anati ankhoswe ake abwere mwezi ukatha. Ine diresi ndinali nditasoketsa kale.

Mlungu umenewo pa famu panali nkhani. Posankha fodya anapeza wina wada, wamawangamawanga, chizindikiro choti wina anasiya moto kuzirala masamba ali pakati pouma. Fodyayo anachokera m'mabalani awiri oumitsiramo fodya omwe anapakulidwa tsiku limodzi n'kuunjikidwa pamodzi. Balani yachinayi, ya kuseri kwa shedi, amasonkhera moto ndi Kondanani. Yachisanu, ya kumtunda ku mabulugamu, amasonkhera ndi achimwene anga a Harvey. Manijala analumbira kuti wolakwayo ataya ntchito ndi nyumba ya mkomboni yomwe.

"Lero za m'buku tizisiye," anatero Reason akumwetulira. "Ndabweretsa manambala enieni, a pa famu pompano."

M'balani iliyonse kampani inapachikamo kachida kolemba kutentha nthawi ndi nthawi. Fayilo yomwe anatipatsa inali ya mabalani awiri aja, zonse pamodzi, m'mizere itatu yotsika. Woyamba unali wa nthawi, wachiwiri wa kutentha.

"Wachitatuwo musaukhudze," anatero. "Ndi phunziro la sabata yamawa."

Analemba pa bolodi: kutentha < 50.

"Kompyuta ifunsa nambala iliyonse funso limodzi: kodi uli pansi pa makumi asanu? Yoyankha inde itsala, yoyankha ayi itayidwa. Ndiye mujambule galafu, nthawi chopingasa, kutentha chokwera. Zoyankha inde zija muzipatse madontho ofiira."

Kondanani anandinong'oneza: "Bambo ako maphunziro amenewa anamaliza kale. Wa mpingo? Inde, tsala. Ayi, kudzala."

Ndinaseka mpaka ndinadziluma lilime. Ndikanadziwa!

Ine ndi amene ndinayamba kumaliza, monga mwa masiku onse, ndipo ndinakweza mkono ndi matama. Mzere wa kutentha unkakwera bwinobwino, ndiye pamalo amodzi madontho ofiira anali ataunjikana ngati nyerere pa chiwala. Reason ananyamula laputopu yathu n'kuiyang'anitsa kwa kalasi yonse.

"Onani ntchito ya Primrose. Ofiirawa onse ali pa Lachisanu la sabata yatha, masana. Lachisanu masana kunali chiyani?"

Anayankha ndi Yvonne, kalaliki wa mu ofesi ya manijala, yemwenso ankaphunzira nafe. "Maliro a madala aja a pa famu ya kutsidya. Komboni yonse inapita. Gule anatuluka."

"Aiwa, ine sindikutchula munthu," anatero Reason, akutambasula manja. "Koma balani imodzi amasonkhera ndi mwana wa mkulu wa mpingo, woimba kwaya. Inayo ndi mwana wa oimba ng'oma. Ng'oma ikalira, mwendo umayabwa wa ndani?"

Shedi yonse inaphulika ndi phwete. Ine ndinatembenukira kwa Kondanani kuti ayankhe, atukwane, aponye ngakhale mpando. Iye anangolandira laputopu ija, nayang'anitsitsa manambala, naitseka pang'onopang'ono. Anadzuka n'kutuluka, chipewa chake anachisiya pa benchi.

* * *

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza bambo atakhala pakhonde, Baibulo lili pa bondo koma lotseka.

"Iwe Pirimu, akuti wajambula ndiwe?"

"Ndine, bambo. Koma galafu sinatchule dzina la munthu."

"Dzina la chiyani? Fisi ndi fisi ngakhale umuveke jekete. Anatinamiza pa benchi la mpingo, mtima uli kudambwe. Ndatuma kale mawu kwa a Ambrosio kuti ankhoswe awo asadzivute."

Ndinagwada, ndinapempha, ndinati tiyambe tamva mbali yake. Amayi anandikoka mkono kundilowetsa m'nyumba.

"Uli ndi mwayi kuti zaululika usanalowe m'banja," anatero. "Ukanadzalira ndi mwana kumsana."

A Harvey anali pakona akupukuta nsapato zawo za kukwaya. Sanadzutse mutu. Nsapato imodzi yomweyo anaipukuta mpaka ine ndinatopa kuyang'ana.

* * *

Ndinamulembera Kondanani pa Watsapu: "Ndiuze kuti si iwe." Anawerenga, osayankha. Ndinalembanso: "Mawu amodzi okha, ndikalimbane ndi bambo." Zii. M'mawa mwake, anthu akupita ku tchalitchi, ine ndinapatuka ndi chipewa chake m'manja n'kukamupeza pa balani yake akuwaza nkhuni.

"Unali kuti Lachisanu?"

"Primrose, zisiye."

"Ndizisiye? Ankhoswe abwezedwa, manijala akukuitana mawa, ndiye ndizisiye? Unapita ku gule kapena sunapite?"

Anakhoma nkhwangwa pa chipika. Maso ake anali ofiira, kaya ndi utsi kaya ndi tulo.

"Za zilombo sizikambidwa. Ukudziwa."

"Zilombo! Iwe suja unati unazisiya?"

"Ndinasiya kupitako. Pakamwa sindinatsegule, ndipo sinditsegula. Chilombo chilibe dzina, chimachokera kumanda n'kubwerera kumanda. Ndinalumbira zimenezo ndili mwana."

"Nanga zomwe unalumbira kwa ine?"

Ndinamuyang'ana munthu amene ndinakanira amuna a magalimoto chifukwa cha iye, ndipo mtima unandiwawa ngati wathiridwa tsabola. Ndinamuuza kuti ndi wabodza, wamantha, kuti anandisandutsa choseketsa komboni yonse. Mawu ena omwe ndinanena sindingawabwereze pano.

"Chinthu chimodzi ndikupemphe," anatero nditatopa. "Fayilo ija usaitsegulenso."

"Ukuopa chiyani? Manyazi ako onse ali kale pa bolodi."

Ndinamuponyera chipewa chija pa phulusa n'kuchoka. Sananditsatire.

* * *

Anthu ataweruka ku tchalitchi, Reason anatulukira kwathu atavala shati yoyera, chikwama cha laputopu paphewa, m'manja muli jumbo ya buledi ndi shuga. Ha, amayi! Nkhuku yomwe ankasungira ankhoswe a Kondanani inafa tsiku lomwelo.

"Mwana wanu ali ndi mutu, amai," anatero Reason akutsuka m'manja. "Ku Harare anthu ngati iye timawafuna. Si wokalambira pa utsi wa balani ameneyu."

"Muwauze, aphunzitsi, mwina inu akumverani," anatero amayi, mano onse panja.

Bambo anamufunsa za mpingo wake, iye anayankha bwino ngati wachita kuloweza. A Harvey anati m'mimba mukuwapota, anatuluka osadya.

Ponyamuka Reason anandisiyira laputopu ija.

"Uzichitira masewera, Primrose. Ndaikamo nyimbo ndi mafilimu. Uiwale zokhumudwitsa."

"Zikomo, aphunzitsi."

"Aphunzitsi ndi mu shedi. Kuno ndine Reason."

"Zikomo, aphunzitsi," ndinabwereza.

Anaseka, koma kusekako sikunamukomere.

* * *

Musaganize kuti fayilo ija ndinaitsegula pofuna kumupulumutsa Kondanani. Ayi. Ndinkafuna kuona ndi maso anga nambala ya balani yake ili pambali pa madontho aja, kuti mtima wopusawu ukhute, usiye kumuikira kumbuyo. Ndinakhala kuseri kwa nyumba pa mthunzi wa mpapaya, amayi akutsuka mbale.

Mzere wachitatu uja, womwe anati tisaukhudze, pamwamba pake panalembedwa "balani". Pansi pake panali 4 ndi 5, 4 ndi 5, mpaka kumapeto. Phunziro la sabata yamawa linali momwemo mu laputopu: kufunsa mafunso awiri nthawi imodzi, kuti itsale nambala yokhayo yoyankha inde pa onse awiri. Sizinali zovuta. Ndinalemba:

(kutentha < 50) & (balani == 4)

Kompyuta inabweza timabulaketi tiwiri, mkati mopanda kanthu.

Ndinati ndalakwitsa. Ndinafufuta, ndinalembanso, ndikuwerenga chilembo chimodzichimodzi. Mopanda kanthu. Ndinajambula galafu ya balani yachinayi payokha. Mzere unakwera mosalala kudutsa Lachisanu lonse, osagwa ngakhale pang'ono. Munthu uja tsiku la maliro anali pa moto wake, komboni yonse itapita, akusonkhera nkhuni yekhayekha.

Ndinachotsa 4 n'kuika 5.

Madontho onse ofiira anabwera. Onse.

Maiwe! Ndinagwira pakamwa. Ndinakumbukira nsapato ija yopukutidwa kosatha. Ndinakumbukira kuti Lachisanu madzulo a Harvey anasamba kawiri, ndipo m'bafa munatsala dothi loyera. Ndinakumbukira Kondanani akuyang'anitsitsa manambala mu shedi muja asanatseke laputopu. Anauona mzere wachitatu. Anadziwa kuti kudziyeretsa iye n'kuloza mlamu wake, ndipo anasankha kusenza.

Nanga Reason? Mphunzitsi angalephere kudziwa zomwe zili mu fayilo yake? Phunziro la sabata yamawa! Pofika sabata yamawayo Kondanani akanakhala atakwezedwa kale pa thirakitala ndi mphasa zake. Ndipo munthuyo anandiyesa wa mafilimu, n'kundisiyira laputopu ili ndi zonse.

Ndinajambula galafu ina, mabalani awiri pamodzi, yachinayi mzere wobiriwira, yachisanu wofiira, mayina a mabalani pambali. Ndinaitola chithunzi pa foni yanga.

* * *

Bambo ndinawapeza ku dimba kwawo, kumunsi kwa damu, akumangirira tomato ku timitengo. Ndinagwada pa mzera n'kuwapatsa foni.

"Bambo, taonani. Wobiriwirawu ndi moto wa Kondanani. Sunazirale. Wofiirawu ndi wa balani yachisanu."

Anatulutsa magalasi m'thumba, nayang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka, akuwa, mwina agwa. Anangondibwezera foni n'kutola luzi lina.

"Fufuta."

"Bambo?"

"Ndati fufuta."

"Simunamvetse. Amene anasiya moto ndi achimwene..."

"Usatchule!" Anayang'ana uku ndi uku ngati m'tomato muli makutu. Kenaka anatsitsa mawu. "Ukuyesa wandiuza chachilendo? Lachisanu ndinkachokera koona wodwala, ndinadutsa patali ndi bwalo la maliro aja. Kapoli ankavina, nthenga kumutu, thupi lonse dothi loyera. Ataimba, ndinamva mawu omwe ndimawamva m'kwaya Lamulungu lililonse. Ndipo miyendo ija ndi yanga, Pirimu. Inenso ndinaponda fumbi limenelo ndisanabatizidwe. Mwana wanga ndingamusowe chifukwa cha nthenga?"

Ndinaimirira.

"Ndiye munkadziwa? Pomwe munkati fisi ndi fisi, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"N'kubweza ankhoswe a munthu wosalakwa?"

"Tamvera, iwe. Zikamveka, Harvey ntchito yatha, mu mpingo achotsedwa. Ine ndidzaima bwanji kutsogolo kwa anthu omwe ndakhala ndikuwadzudzula za gule? Kondanani alibe chotaya. Anthu anamuweruza kale tsiku lomwe anabadwa. Apeza ntchito pa famu ina, ku Shamva, ku Beatrice, mabalani ali ponseponse."

"Nanga ine?"

"Mwana wamwamuna ndili naye mmodzi. Amuna okukwatira ndi ambiri, wina wadya nkhuku lero lomwe. Ndipo Harvey ndiye mwini mbumba wako mawa, malume wa ana ako. Ukamugwetsa, adzakuimira ndani? Chibale ndi fupa, sichiwola."

Anthu amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ine tsiku limenelo ndinaona kuti wophedwa amakhala amene wangodutsa pafupi ndi mkhatewo. Ndinawayang'ana bambo anga, munthu amene anandiphunzitsa lamulo loti usachitire mnzako umboni wonama, akumanga tomato wawo mosamala kuti asagwe. Ndinadana nawo. Mulungu andikhululukire, pa mzera paja ndinadana nawo.

"Wamva?" anatero.

"Ndamva, bambo."

* * *

Ndinakwera mtunda wa damu. Pa khoma la damu, pomwe netiweki imagwira, ndinaima. Mawa m'mawa manijala amuitana Kondanani, ndipo ndinkadziwa kuti akangoima chilili, chipewa m'manja, pakamwa potseka. Thirakitala ikanamutaya pa msewu wa ku Centenary kudikira kombi, ine n'kutsala ndi diresi langa ndi Reason wa buledi.

Ndinadziuza kuti sinditchula dzina la munthu. Sinditchula gule, sinditchula chilombo. Ndingopereka ntchito ya kalasi ngati wophunzira aliyense. Ndinatsegula gulupu ya kalasi yathu pa Watsapu, momwe munali Reason, Yvonne, Kondanani ndi ena onse. Ndinaika chithunzi chija, pansi pake n'kulemba kuti: "Aphunzitsi, phunziro la sabata yamawa ndamaliza."

Ndinatumiza.

Woyamba kuona anali Yvonne. Anangolemba kuti, "Yohwe. Balani 5?" Reason anayamba kulemba, nasiya, nayambanso, nasiya. Ena anatumiza tinkhope tosegula pakamwa. Ine pachifuwa panapepuka koyamba chiyambire dzulo lake. Ndinkaona kale Kondanani akubwera kudzandipeza, ine ndikumupepesa za chipewa chija, iye akuseka n'kunena kuti ndimupukutire. Kupusa kwake!

Pofika pa mjigo ndinaona kuti amayi otunga madzi asiya kulankhula. Wina anakokera mwana wake kumbali ngati ine ndili ndi nthenda. Chithunzi chinali chitadumpha kale pa gulupu n'kulowa m'mafoni a komboni yonse, ndipo mkomboni palibe amene sadziwa wosonkhera balani yachisanu, ngakhale kumene anthu anali Lachisanu masana.

Ndikuyandikira kwathu, ndinakumana ndi a Ambrosio akuchokera ku mabalani ndi amuna awiri akuluakulu. Munthu amene masiku onse ankandiitana kuti apongozi mwanthabwala anandidutsa ngati chitsa. Pakhomo pathu ndinamva amayi akulira, ndi mawu a a Harvey akuti, "Ali kuti? Ali kuti mfitiyo?"

Foni inanjenjemera m'manja mwanga. Anali Kondanani, uthenga wa mawu. Ndinaiika kukhutu. Ankalankhula motsitsa, mwachangu.

"Primrose, ndinakupempha chinthu chimodzi. Akuluakulu a kudambwe za kompyuta sakuzimva. Akuti makina sangadziwe amene anali m'nthenga, ndiye kuti ine ndaulula chilombo kwa mkazi, ndipo mkaziyo wachiyanika pa foni. Abwera kudzanditenga kuti ndikayankhe. Bambo anga alandidwa ng'oma, ndipo anena pamaso pa anthu kuti ine si mwana wawo."

Anapuma, ndinamva chitseko chikugogodwa kumbali kwakeko.

"Ntchito ndikanaipeza kwina, ndikanadzabwera kudzakutenga. Bambo ndikawapeza kuti? Usandifunefune."

Ndinaimba pomwepo. Foni inali yozima.